Gumbagumba ikakana chimbale, musathamangire kusitolo

Ana anga, inu anyamata ndi atsikana a kuno ku Mzimba, khalani pansi ndikuuzeni za chinthu chimene ambiri a inu mumachiyesa chaching'ono. Mukalowa m'nyumba zambiri kuyambira pa Jenda, kudzera ku Embangweni ndi ku Edingeni mpaka pa boma, mupeza pabalaza pali wailesi yaikulu, ija akuluakulu timaitcha gumbagumba, masipika awiri ataima uku ndi uku, pamwamba ataifunditsa kansalu koluka. Mukafunsa chifukwa chake siyimba, yankho limakhala lalifupi: idafa. Mukafunsitsa kuti chidafa n'chiyani, mumva kuti tsiku lina adaikamo chimbale, iyo n'kulemba kuti NO DISC, ndipo kuyambira pamenepo palibe adaikhudzanso. Pomwe tikukamba pano, mwana wa m'nyumbamo watumiza kale uthenga kwa mkulu wake ku Joni kuti pobwera pa Khirisimasi adzatenge ina.

Tisanaitsegule, tiyambe ndi ndalama imene idaigula, chifukwa inu obadwa dzana mumaona ngati katundu wa ku Joni amatoledwa pamsewu. Agogo anu ankapita kumigodi kudzera ku bungwe la Wenela, ena ku Halale, ndipo pobwera ankanyamula njinga, mabulangete, makina osokera ndi wailesi ya Supersonic yopangidwa ku Bulawayo. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 n'kufera pomwepo, ndipo Kamuzu Banda adaletsa ulendo wa kumigodi. Patapita zaka zochepa udayambiranso pansi pa bungwe la TEBA mpaka 1988. Lero abale anu amapita okha, pabasi kapena ndi matransipota, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Kumeneko amasamala maluwa kunyumba za eni ake, amaponda matope pa zomangamanga, amagona angapo m'kachipinda kamodzi, ndipo mu 2008 ndi mu 2015 ena adathawa opanda kanthu m'manja pamene eni dziko adaukira alendo. Wailesi imene mwaifunditsa nsaluyo idachokera m'thukuta lotere. Musanapemphe ina, dziwani kaye chimene chavuta pa imene ilipo.

Gumbagumba si makina amodzi. Ndi zinthu zinayi kapena zisanu zimene adazilonga m'bokosi limodzi: chogwira masiteshoni, malo a kaseti, malo a chimbale, ampulifaya yokuza mawu, ndi masipika. Pa zonsezi, chodula ndi chovuta kuchipezanso ndi ampulifaya pamodzi ndi masipika ake. Chosachedwa kufooka ndi malo a chimbale, chifukwa ndimo muli zoyendayenda: timamota, timalamba, timagiya ta pulasitiki, ndi diso lowerenga nyimbo. Kuno kwathu ng'ombe timazidziwa. Ng'ombe yapangolo ikayamba kutsimphina, mwini wake amayamba waitukula mwendo kuona ngati chiboda chalasidwa ndi munga, sathamangira kunola mpeni. Choncho yatsani wailesiyo, mutchere MBC Radio 1, Zodiak kapena Mzimba Community Radio. Ngati mawu akutuluka oyera m'masipika onse awiri, chuma chenicheni cha wailesiyo chikadali chamoyo, ndipo vuto lanu ndi laling'ono kuposa momwe mumaganizira.

Kuti mumvetse chifukwa chake malo a chimbale amavuta msanga, dziwani ntchito imene amagwira. Chimbale cha CD adachipanga ndi a kampani ya Philips ya ku Netherlands pamodzi ndi a Sony a ku Japan, ndipo chidayamba kugulitsidwa mu 1982. Nyimbo zimalembedwa ngati timaenje tosaoneka ndi maso, totsatana pamzere umodzi wozungulira kuchokera pakati kupita kumphepete, ndipo mzere umenewo mutauwongola ungapitirire makilomita 5. Pa milimita imodzi yokha pamadutsa timizere toposa 600. Chimbale chimazungulira maulendo pafupifupi 500 pamphindi poyamba nyimbo, n'kumatsika mpaka 200 pofika kumphepete, ndipo nthawi yonseyi kadiso ka laser kayenera kutsata mzerewo osaphonya. Tsopano ganizani za fumbi la kuno mu September ndi October, la m'misewu yathu yopita ku Edingeni ndi ku Mabulabo, ndiponso utsi wa nkhuni ndi wa koloboyi umene umalowa paliponse. Kadisoko kakangochita chifunga, wailesi imati mulibe chimbale, chimbale chili momwemo.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Chimbalecho chionetseni kowala. Ngati chili ndi mafuta a zala kapena phala la mwana, chitsukeni ndi madzi ndi kasopo pang'ono, muchipukute ndi nsalu yofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira, chifukwa chikanda chotsata mzere wa nyimbo ndicho chimasokoneza kwambiri. Yesani zimbale zingapo, makamaka china cha kufakitale. Diso likayamba kufooka limayamba kukana zimbale zobena pakompyuta, chifukwa sizibweza kuwala kokwanira, koma za kufakitale limaziwerengabe. Mukaona zotere mwadziwa kale kanthu kamene mmisiri akanakulipiritsani kuti akuuzeni. M'miyezi yozizira ya June ndi July, ikakana m'mamawa, isiyeni ili yoyaka kwa ola limodzi, popeza nthawi zina ndi chinyezi chabe chimene chakhala padiso.

Zikakanika izi, wolimba mtima angathe kumasula chivundikiro. Zulani kaye pulagi pakhoma. Musakhudze mbali imene kuli thiransifoma ndi makapasita aakulu aja ooneka ngati timigolo, chifukwa amasunga magetsi ngakhale mutazimitsa. Ndipo musadzayerekeze kusuzumira m'diso wailesi ili yoyaka. Kuwala kwake sikuoneka kwenikweni, koma kungavulaze diso lanu. Tengani kathonje, mukanyowetse pang'ono ndi sipiriti woyera wotchedwa isopropyl amene amapezeka m'mafamase ena, mupukute kagalasi ka diso mopepuka, osakanikiza, poti kamalendewera pa timawaya tating'ono. Osati palafini, osati petulo, osati kachasu, osatinso malovu. Ndanena malovu chifukwa ndidaonapo mnyamata akuchita zimenezo, ali ndi chikhulupiriro chonse.

Ngati kabati ka chimbale kakukana kutuluka kapena kulowa, koma mukumva kamota kakulira m'kati, kawirikawiri ndi kalamba ka mphira kamene katamuka ndi ukalamba. Kameneka ndi kotchipa kuposa zonse za m'wailesimo. Ngati nyimbo ikudumpha pamalo omwewo pa chimbale chilichonse, mwina girizi wa panjanji imene diso limayendapo wauma ndi fumbi. Ngati batani lokwezera mawu likuchita phokoso mukamalipotoza, ndi dothi basi. Zonsezi ndi zokonzeka, ndipo mmisiri wapakhonde pa boma kapena pa Jenda angazithe tsiku limodzi. Kutaya wailesi chifukwa cha kalamba n'kutaya ndalama dala.

Za amisiri ndikambe mosabisa. Alipo okhulupirika, odziwa ntchito, amene amayamba ayeza ndi mita asanatchule mtengo. Aliponso ena amene shelefu yawo yadzaza mawailesi a anthu amene adabwera akudwala chala n'kutsala mafupa okhaokha, chifukwa chipangizo cha uyu adakonzera wailesi ya uje. Safunsa adadya phula: funsani anthu amene adakonzetsapo pamenepo. Musanaisiye, lembani dzina la wailesi ndi manambala a kumbuyo kwake, ndipo muiyatse pamaso pake kuti nonse muone zimene zikugwira ntchito. Gwirizanani mtengo wongoyeza, ndipo mumuuze kuti asagule kanthu asanakuimbireni. Akasintha chipangizo, chakalecho akupatseni m'manja. Mmisiri woona sakwiya ndi zimenezi.

Pali chinyengo china chimene muyenera kuchidziwa. Pambali pa diso pali kabatani kakang'ono kosinthira mphamvu ya laser. Diso likatopa, munthu angathe kukapotoza kuti liwale kwambiri, ndipo wailesi imayimba pomwepo inu mukuona, n'kulipira mokondwa. Koma diso lotopa likakakamizidwa chonchi limapsa msanga, mwina masabata ochepa okha, ndipo pobwerera mudzauzidwa kuti ili ndi vuto lina latsopano. Mmisiri akakuuzani poyera kuti wangokweza mphamvu kuti muyimbeko masiku angapo, ameneyo ndi wachilungamo. Akanena kuti waika diso latsopano, muuzeni akuonetseni lakale.

Pa diso lenilenilo ndi pamene nkhani yokonza kapena kusiya imalimba. Laser imatha ndi maola amene yagwira ntchito, ndipo ikatha siitsukika. Diso lililonse lili ndi nambala yake yolembedwa pambali. Mwachitsanzo, la Sony lotchedwa KSS-213 lidalowa m'mawailesi ambiri, a Sony ndi a makampani ena. Popanda nambala imeneyo musatume munthu. Kuno silipezeka wamba. Mufunika kufufuza ku Mzuzu, komwe ndi ulendo wa makilomita oposa 100 kuchokera pa boma, kapena ku Lilongwe, kapena kutuma wachibale wa ku Joni, ndipo ambiri amene akugulitsidwa masiku ano ndi ongotengera, ena abwino, ena ofa kale ali m'pepala. Onjezani kuti zipangizo zonsezi zimagulidwa kunja, ndipo kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mukawerengera mtengo wa diso, thiransipoti yopita ndi kubwera, ndi ya mmisiri, kawirikawiri masamu sakhala bwino. Ine maganizo anga ndi akuti diso musinthe pokhapokha ngati wailesiyo ndi yapamwamba ndithu, nambala mwaipeza, ndipo wogulitsa wavomera kulandiranso likakana.

Komatu diso likafa, simunafike posankha pakati pa kukonza ndi kugula ina. Pali njira yachitatu imene ambiri saiona chifukwa sayang'ana kumbuyo kwa wailesi. Tembenuzani. Mupeza timabowo tiwiri, kofiira ndi koyera, polembedwa AUX, kapena VIDEO, kapena MD. Pamenepo ndi pakhomo polowera mawu ochokera kwina. Pafupifupi DVD iliyonse imayimba zimbale za CD, ndipo ma DVD ali mbwee m'nyumba zathu, ena akungokhala chifukwa mafilimu mudasamutsira m'mafoni. Lumikizani DVD ndi wailesi ndi kachingwe kofiira ndi koyera, musankhe AUX, ndipo zimbale zanu zonse ziyimbanso m'masipika omwe aja. Mukafuna nyimbo za pafoni, pali kachingwe kochokera pamalo a mahedifoni, kapena kabokosi kakang'ono ka Bluetooth, ndipo tina timalandiranso fulashi ndi memori khadi. Mtengo wake sufika n'komwe pa wa wailesi yatsopano. Ngakhale wailesi yopanda AUX, mmisiri wodziwa angathe kuipangira khomo limeneli.

Ndikudziwa chimene chikukukokani. Mwaona m'masitolo a pa boma ndi pamsika wa Taifa ku Mzuzu masipika atsopano a magetsi othwanima, ofiira ndi obiriwira, pabokosi atalemba mawati zikwizikwi. Yang'anani bwino zilembo zotsatira nambalayo. Zikakhala PMPO, nambalayo ndi yokopera wogula chabe. Yoyenera kuikhulupirira ndi ya RMS, ndipo ambiri sailemba n'komwe. Njira yachidule ndi iyi: werengani kumbuyo kuti chipangizocho chimadya mawati angati kuchokera pakhoma. Sichingatulutse mphamvu yoposa imene chalandira. Chodya mawati 40 sichingakupatseni 3000, kaya bokosi lilumbire motani. Kenako nyamulani sipika yakale ija ya thabwa, munyamulenso yatsopano ya pulasitiki, muyimbe nyimbo imodzi pa zonse ziwiri. Makutu anu akuuzani. Sindikunena kuti zatsopano zonse n'zachabe. Zilipo zabwino, zosadya magetsi ambiri, zoyenera nyumba ya sola, koma zabwinozo si zotchipa. Poyerekeza mtengo wokonzetsa, yerekezani ndi wailesi yofanana mphamvu ndi yanuyo, osati ndi kachidole kothwanima. Ndipo mukagula, tengani lisiti yolembedwa tsiku ndi masiku a chitsimikizo, muiyesere m'sitolo momwemo, chifukwa mukakafika nayo ku Khosolo kubwerera n'kovuta.

Tsono kaya mwakonzetsa kaya mwagula, ngati simusintha kasamalidwe, mudzaliranso. Chimene chimapha mawailesi ambiri kuno si ukalamba, ndi magetsi. Magetsi athu ambiri amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mukukumbuka momwe tidakhalira mumdima namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Kuzima pakokha sikuwononga wailesi. Choopsa ndi mphindi imene magetsi akubwerera, pamene mphamvu yake imatha kudumpha kupitirira mavoti 230 amene wailesi idapangidwira. Magetsi akazima, zulani pulagi, mudzabwezere atakhazikika. Mvula yoyamba ya mabingu ikamayandikira, zulani pulagi pamodzi ndi waya wa eriyo, chifukwa mphenzi siifuna kuti wailesi ikhale yoyaka. Kabokosi koteteza kamene ena amaika pa firiji ndi pa TV kagwiranso ntchito pano.

Mawailesi a ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira, pamene masoketi athu ndi a mano a makona. Ndiye anthu amadula pulagi, n'kulowetsa mawaya osavala m'soketi, kutsekera ndi timitengo ta machesi. Lekani zimenezo. Gulani pulagi ya kuno, imene ili ndi fyuzi m'kati. Fyuzi ikapsa, musamange waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwake. Idapsa kuti china chodula chisapse, ndipo ikapsanso kachiwiri ndiye kuti m'kati muli vuto lofuna mmisiri. Inu a sola, dziwani kuti mainveta otchipa amatulutsa magetsi okhakhala amene amachititsa wailesi kung'ung'uza ndi thiransifoma kutentha. Mukamva fungo kapena kutentha kwachilendo, zimitsani. Ndipo inu obwereka wailesi ya bambo anu kukayimbira paukwati, n'kulumikiza masipika anayi pamalo a awiri: kumbuyo adalemba 6 kapena 8 ohms pa chifukwa. Mukachulukitsa masipika pawaya umodzi, ampulifaya imakoka moto woposa mphamvu yake, n'kupsa madyerero ali pakati. Imeneyo ndiyo imfa yeniyeni ya gumbagumba.

Mwina wina anena kuti, agogo, zimbale n'zachikale, nyimbo zonse zili pafoni. Zoona, za Wambali Mkandawire, amene adatisiya mu January 2021, kapena za Lucius Banda, amene adamwalira mu June 2024, mungazipeze mosavuta, ndipo muzizipeza mwa njira yoti ana awo adyepo, poti n'chifukwa chake bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992. Koma m'kabati ya amayi anu muli zimbale zina zimene sizili pa intaneti paliponse. Kwaya ya pampingo wanu idasonkha ndalama, n'kupita kukajambula ku Mzuzu, n'kubena zimbale zochepa zogulitsa pakhomo la tchalitchi. Gulu la ingoma la m'mudzi mwanu lidajambulidwa pamwambo wina. Dera lino lili ndi mbiri yakale ya nyimbo: Donald Fraser adakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, anthu ngati Mawelera Tembo ndi Peter Thole adatchuka popeka nyimbo za Mulungu pa mayimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka, ndipo makwaya athu akuyimbabe mwa njira imeneyo. M'zimbale zija muli mawu a azakhali anu ndi a madoda amene adagona kale. Zimbale zobena sizikhalitsa ngati za kufakitale, popeza utoto wa m'kati mwake umafooka ndi dzuwa ndi kutentha. Musadikire. Pitani nazo kwa anyamata a makompyuta pa boma kapena pa Jenda, azikopere pa fulashi, ndipo musunge malo awiri, kwanu ndi kwa wachibale wina. Zimbalezo muzibwezere m'makava ake, muziimike chilili pamthunzi.

Ilipo nthawi yovomereza kuti wailesi yatha. Mphenzi ikalowa n'kupsereza bolodi mpaka kuda, ikatentha thiransifoma pamodzi ndi ampulifaya, kapena makoswe ndi mphemvu zikakhalamo zaka mpaka mawaya a pabolodi kudyeka ndi dzimbiri, musataye ndalama. Chimodzimodzi ngati mwaikonzetsa vuto lomwelo mobwerezabwereza kwa amisiri osiyana. Pamenepo gulani ina mtima uli m'malo. Koma bokosi lakalelo musaliotche pofuna waya wa kopa, musaliponye m'chimbudzi kapena mu mtsinje wa Mzimba. Zipangizo zakale adazilumikiza ndi mtovu, ndipo utsi wa pulasitiki yake ndi woipa m'chifuwa, makamaka kwa ana. Mupatseni mmisiri, kapena mnyamata amene akuphunzira ntchitoyi m'masukulu a TEVETA, achotsemo zimene zingapulumutse wailesi ya wina, ndipo mukambirane kamtengo.

Masipika okha musapereke musanawayese. Tengani batire limodzi la tochi, mugunditse mawaya awiri a sipika kumutu ndi kumatako kwa batirelo kwa kamphindi. Ikalira kuti thu, pepala lake n'kusuntha, ndi yamoyo. Ngati mphira wa m'mphepete wang'ambika, alipo amisiri amene amamata wina. Masipika awiri amoyo, ndi kaampulifaya kakang'ono ka mavoti 12 kamene kamayenda ndi batire la sola, zikwanira kuyimbira nyumba yonse ngakhale kumudzi kumene mapolo a ESCOM sadafike.